Mutu 6: Tsiku Limene Wayilesi Anakana Kutsegula Chitseko

1. Wolongolola aphunzira kukhala chete

Dzina loti Wayilesi sanachite kulipempha. Anamupatsa ndi aphunzitsi ake a masamu tsiku lina atatopa naye, ndipo linamumatirira mpaka kunyumba. Mtsikanayu ankalankhula m'kalasi, ankalankhula pamzere, ankalankhula ngakhale mswachi uli mkamwa. Mayi ake, omwe anali telala, ankati makina awo osokera amapumako, koma mwana wawo ayi.

N'chifukwa chake anthu anaseka atamva kuti gulu losamalira mbalame zolusa lasankha iyeyo, mwa odzipereka onse, kuti azidyetsa kachiombankhanga m'chipinda cha chete.

Gululi linkagwirira ntchito m'nyumba yakale yosungiramo matayala, kuseri kwa galaja. Kumeneko kunkabwera akadzidzi ogundidwa ndi galimoto, mphamba zopsa mapiko ndi mawaya a magetsi, ndi akabawi okodwa m'mipanda. Zikachira, ankazitulutsa kuti zibwerere kutchire. Kachiombankhangako kanabwera m'katoni ya sopo, okonza msewu atagwetsa mtengo wa chisa chake. Kanali kadakali ndi nthenga zoyera zaukhanda.

Amene anamusankha Wayilesi anali a Zipsera, mkulu amene anayambitsa gululi. Manja awo anali ndi zipsera za zikhadabo mpaka m'zigongono. Asanamupatse kiyi, anapita naye kaye kukhola la kumapeto. Mmenemo munali mphamba yaimuna imene aliyense ankaitchula kuti Mlamu, chifukwa ikaona munthu inkathamangira kuwaya ndi khoswe kukamwa ngati mnyamata wofunsira.

“Umuone bwino ameneyu,” anatero a Zipsera. “Anzako amaseka akamuona. Ine sindiseka, chifukwa amene anamuwononga ndine. Mapiko ake ndi abwinobwino, maso ake akuthwa kuposa ako. Koma ndinamulera ndi manja anga, ndikumulankhulitsa ngati mwana wanga. Mbalame ikakhala yaing'ono imayang'ana amene akuidyetsa n'kunena kuti, ‘Ine ndine ngati ameneyu.’ Mlamu amadziona ngati munthu. Nditamutulutsa, anakatera pamutu pa mwana wa eniake kupempha chakudya, ndipo anthu anatsala pang'ono kumupha ndi miyala. Tsopano watha zaka zisanu ndi zinayi m'khola ili, ndipo adzafera momwemu. Chikondi chopanda nzeru ndi ndende, mwanawe. Kamene ndikukupatsa kasadzaone nkhope yako, kasadzamve mawu ako. Ukafuna kutsokomola, tuluka. Ukafuna kulira, ukalirire kwanu. Tsiku limene kadzakuone n'kukuthawa, udzadziwe kuti ntchito waigwira bwino.”

“Nanga bwanji mwasankha ine?” anafunsa Wayilesi.

“Chifukwa miyezi isanu ndi itatu wakhala ukutsuka makola, sunajombepo. Pakamwa tikhoza kutseka. Ulesi ndiye ulibe chotsekera.”

Mayi ake anamusokera mkanjo wakuda wophimba kuyambira kumutu mpaka kumapazi, wokhala ndi kaneti pamaso. A Zipsera anasema mutu wa chiombankhanga chachikulu n'kuumangirira pa golovesi. Mmawa asanapite kusukulu, ndi masana akaweruka, Wayilesi ankavula nsapato pakhomo, kuvala mkanjo, n'kupereka tizidutswa ta nyama ndi mlomo wa chidolecho. Anatero masabata anayi athunthu osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Akafika kunyumba, mawu onse amene anawasunga ankawakhuthulira pa mayi ake.

2. Mluzu m'khonde

Kenako a Zipsera anakagonekedwa kuchipatala kuti akawapange opaleshoni ya diso. Anachoka masabata awiri.

Makiyi a chipinda cha chete analipo awiri. Wina anali pakhosi pa Wayilesi. Wina anali pamulu wa makiyi a a Tcheya, wapampando wa gululi, ndipo lamulo linali loti agwiritsidwe ntchito pokhapokha kutabuka moto.

A Tcheya anali atapuma pantchito ya ubwana m'sitolo yaikulu ya mipando. Tisawanamizire, ntchito ankaidziwa mbali yawo. Denga linasiya kudontha chifukwa cha iwo, ndipo akaimirira pamaso pa alendo ankalankhula mpaka anthu kugwetsa misozi. Koma chisankhidwireni sanagwirepo burashi yotsukira khola. Mbalame ankazikonda kwambiri zikakhala pachithunzi, iwo ataima pambali. Analinso ndi kanyimbo kamodzi ka mluzu, komweko tsiku ndi tsiku, kamene ankaimba akakhala kuti adzisangalatsa okha.

Lachinayi masana, Wayilesi anali atagwada m'chipindamo, chidole chili m'mwamba. Kambalameko, komwe tsopano kanali katakula ngati nkhuku ya thadzi, kanali katayasamula kukamwa. Ndiye m'khonde munamveka mluzu uja.

Kambalameko kanasiya nyama. Kanatembenuka, kanathamangira kuchitseko kakukupiza mapiko, kakulira kulira kopempha chakudya. Kankayang'ana m'mwamba, pamene pamakhala nkhope ya munthu akaimirira. Mluzuwo unadutsa n'kuzimiririka, koma iko kanakhalabe pomwepo kudikira.

Apo m'pamene Wayilesi anaona kapepala ka switi kali pakona, kuseri kwa chitseko. M'chipinda muno munalowa anthu, ndi ana omwe.

Mtima unamuwira. Masabata onsewa akumeza chifuwa, akuyenda ngati wakuba, wina n'kumalowetsamo alendo iye ali kusukulu! Anafuna kukuwa, koma m'chipinda cha chete sakuwamo. Analuma nsalu ya mkanjo mpaka inanyowa.

Atatuluka anatsegula buku la mbalame n'kulemba kuti: “Lero kasiya chidole n'kuthamangira kuchitseko katamva munthu.” Dzina la munthuyo sanalilembe. Anaona ngati n'kupanda ulemu kulemba wamkulu m'buku. Ulemu wina umapweteketsa mwini wake, ndipo uwu unali wotero.

3. Msonkhano wa Loweruka

Misonkhano ya gululi inkachitikira m'chipinda chodulira nyama, poti ndi mokhamo munali tebulo lalikulu. Loweruka mmawa analipo asanu ndi awiri. Panali a Tcheya, panali a Mlembi, mayi wofatsa wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, panali a Zipsera ndi bandeji kudiso, odzipereka ena atatu, ndi Wayilesi atakhala pa ndowa yovundikira. Filiji inkang'ung'udza pakona.

A Tcheya anatsegula buku la mbalame n'kuwerenga mzere uja kawiri, mwapang'onopang'ono, ngati akuwerenga uthenga wa maliro.

“Abale anga, n'zomvetsa chisoni,” anatero. “Mbalame yathu yazolowera anthu. Ine sindikufuna kuloza chala aliyense. Koma tonse tikudziwa amene amalowamo kawiri patsiku. Ndipo tonse tikudziwa kuti kusukulu kwawo sanamutchule Wayilesi chifukwa chokhala chete.”

Mnyamata wina anaseka. Anaseka yekha, koma zinakwanira.

“Mwana ndi mwana, sitimukwiyira,” anapitiriza a Tcheya. “Madzi akatayika saoleka. Poti kutchire sikangapitenso, tiyeni tikasunge. Tikaphunzitse kutera padzanja. Alendo azikaona pafupi, azijambulitsa nako. Chiombankhanga chathuchathu! Ndi magulu angati ali nacho?”

A Zipsera anamenya tebulo ndi chikhatho, mipeni inadumpha.

“Madzi ake ati amene atayika? A Tcheya, ine ndakhala ndi mbalame zaka makumi atatu, ndiloleni ndilankhule. Kameneka sikanawonongeke, kangoyamba kupendekera. Masabata anayi oyambirira kanaleredwa bwino, ndipo amenewo ndi amene amalemera. Kuseri kuli khola la matabwa lopanda mazenera, muli chiombankhanga chachikazi cha phiko limodzi chija. Chinalerapo ana awiri a eniake, onse anauluka. Tikakaika mmenemo lero, kakamaona mtundu wake tsiku lonse, kakhoza kuiwala zimene kaona. Koma mverani bwino. Kasaonenso nkhope ya munthu. Nkhope iliyonse imene kaone kuyambira lero ndi msomali pachitseko cha ndende yake. Musandifunse kuti kwatsala misomali ingati, sindikudziwa. Mwina khumi, mwina umodzi. Tinayambitsa gulu lino kuti mbalame zizichoka, osati kuti tizikongola nazo pazithunzi. Amene akufuna chidole akagule kusitolo.”

Kenako anatembenuzira diso lawo limodzilo kwa Wayilesi. “Iwe, ndiyang'ane. Unakalankhulitsa?”

Funso limeneli linamupweteka kuposa mawu onse a a Tcheya. Anaimirira, ndowa inagwa.

“Sindinalankhulepo! Olo kutsokomola! Si ine, agogo. Kanathamangira iwowa! Ankadutsa m'khonde, ndiye ankai...”

“Iwe!” A Tcheya anadzuka. “Ukunena ndani? Ine? Mwana wopanda mwambo! Ndi mmene amakuphunzitsirani kusukuluko?”

“Nanga kapepala ka switi kanalowa kokha? Kiyi winayo ali ndi ndani?”

“Switi amadya ndani pakati pa iwe ndi ine?”

Odzipereka aja anayang'ana pansi. Aliyense anali ndi pakamwa, ena anaonapo magalimoto a alendo ataima pabwalo masana, koma onse anangoti ziii. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

A Mlembi anaika cholembera pansi. “Pepani, tisakangane. Mwanayu akuti mbalame imadziwa munthu wake. Bwanji mbalameyo itiuze yokha? Tilowe tonse, nkhope poyera, tiime pamzere. Amene kamuthamangire ndi yemweyo.”

“Mayi, simunamve zimene ndanena?” anatero a Zipsera.

“Ndamva, bambo. Koma ndi kamphindi chabe. Kodi tisiye mwana wa eniake achoke ndi mbiri yoipa?”

Pamaso pa anthu a Tcheya sakanatha kukana. “Tiyeni,” anatero. “Mbalame ilibe nzeru zosiyanitsa anthu. Tiyeni tikataye nthawi.”

4. Pachitseko

Wayilesi ndiye anatsogola. Anayenda mofulumira, kiyi ali m'manja, mtima ukuti lero ndi lero. Ankadziwa bwino lomwe kumene kambalameko kathamangire. Ankafuna aone nkhope ya a Tcheya, ankafuna mnyamata woseka uja ameze kuseka kwake.

Chitseko cha kuseri chinali chotsegula. Mlamu atangoona anthu akudutsa, anayamba kulira m'khola lake, kuthamangira kuwaya, kupempha. Zaka zisanu ndi zinayi, kulira kwake kunali komweko.

Wayilesi analowetsa kiyi pabowo. Anatembenuka n'kuwerenga anthu amene anali kumbuyo kwake. Nkhope zisanu ndi imodzi, yake yachisanu ndi chiwiri.

Anazula kiyi uja.

Anaika chala pakamwa, n'kuwakankha onse ndi manja ngati akukusa nkhuku, mpaka kumapeto kwa khonde kumene mawu sakanafika kuchipindako. Ngakhale pamenepo analankhula monong'ona.

“Sinditsegula.”

“Mwana wanga, izi tikuchitira iwe,” anatero a Mlembi. “Ukakana, anthu aziti ukuopa.”

“Aziti choncho. Kakaona nkhope zisanu ndi ziwiri lero, ine ndiyera, koma iko kakhala Mlamu wachiwiri. Ndiye masabata onsewa ndimavutikiranji?”

A Tcheya anapumira m'mwamba. Kiyi wawo anali m'thumba, akanafuna akanatsegula okha. Sanamukhudze n'komwe.

“Mwaona?” anatero, mawu atabwerera mwakale. “Wolakwa amathawa yekha. Ndiye ukuvomera?”

Mawu anali atadzaza mkamwa mwa Wayilesi, okwanira kulankhula mpaka mawa. Anawameza.

“Lembani zimene mukufuna. Koma kasamutsidwe lero, monga anenera agogowa.”

“Zosamutsazo ndi za komiti, si za ana. Tikambirana mwezi wamawa.”

“Mwezi wamawa?” A Zipsera anachita kuiwala kunong'ona. “Mwezi wamawa tidzasamutsa chiyani?”

“Zonse zili ndi ndondomeko yake, achikulire. A Mlembi, lembani kuti mtsikanayu waimitsidwa. Bweretsa kiyi. Mkanjonso usiye.”

Wayilesi anavula chingwe pakhosi n'kupereka. Anakatenga mkanjo pamsomali, uja mayi ake anausoka Lamlungu lathunthu, anaupinda bwinobwino n'kuuika pa benchi. Misozi inali pafupi, koma anakumbukira kuti anauzidwa kuti akalirire kwawo.

Zinali zopsetsa mtima kuziona. Amene anatseka pakamwa masabata asanu ndi limodzi analandidwa kiyi chifukwa cha dzina lake, ndipo amene anaswa lamulo anatsala ndi makiyi awiri.

5. Mboni

A Tcheya anaponya kiyi m'mwamba n'kumuwakha. Nkhani inali itatha bwino kuposa mmene ankayembekezera. Anakonza tayi, n'kuyamba ulendo wa ku ofesi yawo, imene inali mbali inayo ya khonde, kupitirira chipinda cha chete.

Chizolowezi sichipempha chilolezo. Atangoyenda mapazi anayi, kanyimbo kaja kanatuluka kokha pamilomo.

Kuseri kwa chitseko kunamveka mapiko. Kenako zikhadabo zikukanda thabwa. Kenako kulira kuja, kokweza, kosalekeza, kwa mwana amene wamva kholo lake likubwera.

Anthu asanu ndi awiri anali ataima pakhomo lomwelo mphindi zapitazo, kambalameko osalira. Wayilesi anali atagwedeza kiyi pabowo, osalira. Tsopano kankadziguguda pachitseko.

Mluzu unadukira pakati. Kulirako kunapitirira pang'ono, n'kuleka.

Palibe anaseka. Mnyamata uja anayang'ana nsapato zake. A Mlembi anayang'ana mzere umene anali atangolemba m'buku lawo, n'kuukhwatcha mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

A Zipsera anayenda mwakachetechete mpaka pamene panaima a Tcheya. Anawagwira pamkono n'kubwerera nawo kumapeto kwa khonde, ndipo analankhula motsitsa mawu.

“Mboni yalankhula, ndipo sitinachite kuitsegulira. A Tcheya, ine sindikukuyesani mfiti. Kulakwa kumeneku ndinakuchitapo, umboni wake uli m'khola la kumapeto, ndimaudyetsa tsiku lililonse. Munakaona kokongola, munafuna kuti anzanu akaone, mwina munakapatsa ndi nyama ndi dzanja lanu. Zimenezo ndikanakukhululukirani lero lomwe. Koma kutenga cholakwa chanu n'kusenzetsa mwana, chifukwa mukudziwa kuti anthu akhulupirira, zimenezo ayi. Mwana uyu anali ndi mpata woti akuyalutseni, wausiya chifukwa cha mbalame. Inu munali ndi mpata wovomera, mwausiya chifukwa cha mpando. Ndani wamkulu pamenepa? Mpando tinakupatsani ndife, koma mbalame si zathu, sitingakupatseni.”

Anatambasula dzanja lawo la zipseralo. “Makiyi. Onse awiri.”

A Tcheya anayang'ana dzanjalo, anayang'ana anthu. Analowetsa kiyi wa Wayilesi m'thumba momwe munali winayo.

“Msonkhano unatsekedwa kale,” anatero. “Nkhaniyi siili pa ndondomeko.”

Nthawi yomweyo kugeti kunalira hutala, kawiri. Pawindo panaoneka basi yaing'ono yodzaza anthu, ena atanyamula kale mafoni m'mwamba. A Mlembi anatembenuka mwachangu.

“A Tcheya, amenewa ndi ndani?”

“Alendo anga. Ndinawalonjeza kuti aona chiombankhanga.”

Wayilesi sanafunse chilolezo kwa aliyense. Kiyi analibe, mkanjo analibe, ndipo malinga ndi a Tcheya sanalinso wa m'gululi. Anavula nsapato, anayenda ndi zala mpaka pachipinda cha chete, n'kukhala pansi atatsamira chitseko, miyendo atatambasula kutseka njira. Anapinda manja pachifuwa, pakamwa ali chitsekere.

A Zipsera anakoka benchi n'kukhala pambali pake. A Mlembi anazengereza pang'ono, kenako nawonso anavula nsapato.

Panja, geti linayamba kutseguka.